Sekondi ziwiri zomwe zidakolopa kaundula wa GitLab

Usiku wa pa 31 January 2017, katswiri wina wa makompyuta ku kampani ya GitLab adalemba lamulo lalifupi pa kompyuta yake n'kudina batani. Patangotha sekondi imodzi kapena ziwiri adazindikira kuti akufufuta zinthu pamalo polakwika. Adaimitsa msangamsanga, koma madzi adali atatayika kale. Pa zinthu pafupifupi 300 GB zomwe zidali m'nkhokwe ya kampaniyo, padangotsala 4.5 GB basi.

GitLab ndi malo a pa intaneti pomwe anthu okonza mapologalamu a kompyuta amasungirapo ntchito zawo n'kumathandizana. Chomwe chidafufutika usikuwo ndi kaundula wamkulu wa kampaniyo, yemwe akatswiri amamutcha database.

Amene mudakhalapo mlembi wa banki mkhonde simuvutika kumvetsa. Pamakhala buku la mayina a mamembala, buku la masheya ndi buku la ngongole. Membala aliyense ali ndi nambala yake, ndipo nambalayo ndiyo imamanga mabuku atatuwo pamodzi. Buku la mayina likanyowa ndi mvula, la ngongole limasanduka manambala opanda eni. Kaundula wa GitLab, yemwe amayendera pologalamu ya PostgreSQL, adamangidwa chimodzimodzi. Pa nthawiyo adali pa makompyuta a lendi a Microsoft Azure. Izi ndizo amati cloud, kutanthauza mtambo, ngakhale kuti kumwamba kulibe kanthu: ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta a eni ake.

Malinga ndi lipoti lomwe kampaniyo idatulutsa mu February 2017, vuto lidayamba madzulo pomwe anthu otumiza mauthenga achabechabe adalemetsa kaundulayo. Kompyuta yachiwiri, yomwe ntchito yake idali kukopera chilichonse cholembedwa pa yoyamba, idatsalira m'mbuyo mpaka kulephereratu. Kuti iyambirenso, pamafunika kuikolopa kaye kenako n'kukoperamo zonse mwatsopano. Katswiri uja, atalimbana nazo mpaka usiku, adakolopa yoyamba akuyesa ndi yachiwiri.

Zikatere anthu amathamangira ku backup, kope lomwe limasungidwa padera podikira tsiku la tsoka. Apa ndi pomwe padali nkhani. Kampaniyo idavomera yokha kuti pa njira zisanu zomwe imadalira, padalibe ndi imodzi yomwe imene imagwira ntchito modalirika.

Njira yomwe amaikhulupirira kwambiri idali yokopera kaundula yense tsiku lililonse n'kumutumiza ku nkhokwe ya Amazon S3. Atapita kukasuzumirako adapeza mulibe kalikonse. Chida chokoperacho, pg_dump, chidali cha mtundu wa 9.2 pomwe kaundulayo adali pa 9.6, choncho chimangolephera. Makalata odziwitsa za kulepherako amatumizidwa ndithu, koma kompyuta yolandira makalata imawakana, ndiye palibe yemwe amawaona. Njira ina, yoti Azure izijambula ma disiki, sidatsegulidwe pa makompyuta a kaundulayo. Kompyuta yachiwiri ija nayo idali itakolopedwa kale dala.

Kunena zoona, kulakwa kwa chala cha munthu wotopa n'kochepa poyerekeza ndi kumeneku. Nkhokwe idakhala yopanda chimanga kwa nthawi, anthu akugona tulo poganiza kuti njodzaza, chifukwa padalibe munthu yemwe adapatsidwa udindo woyesa ngati makopewo angabwezeretsedi kaundula.

Chidawapulumutsa ndi mwayi. Maola pafupifupi 6 tsokalo lisadagwe, katswiri adajambula kaundula yense pamanja kuti akamugwiritse ntchito pa makompyuta oyeserera. Kope limenelo ndilo adagwiritsa ntchito pobweza kaundula.

Kulibweza sikudali kofulumira. Makompyuta oyesererawo adali ndi ma disiki otsika mtengo, oyenda pang'onopang'ono, moti kukopera kudatenga maola pafupifupi 18 anthu akulephera kulowa pa GitLab.com. Kampaniyo sidabise. Idaulutsa ntchito yonse pa YouTube, ndipo pena anthu pafupifupi 5,000 amaonerera nthawi imodzi akatswiri akudikira manambala kuti asunthe.

Panali kanthu kena kooneka kakang'ono komwe sadakaiwale. Atabweza kaundula, adalumphitsa manambala ake onse ndi 100,000. Chifukwa chake mlembi wa banki mkhonde angachimve: ngati tsamba lomwe mudalembapo membala nambala 41 lasowa, simupereka nambala 41 kwa munthu watsopano, kuopa kuti angasenze ngongole za mnzake zomwe zidalembedwa kwina.

Masiku ano makampani obwereketsa makompyuta amathandizako pa ntchitoyi. Mwachitsanzo, Amazon RDS imatha kusunga makope mpaka masiku 35, komanso imasunga ndandanda wa zosintha zonse mphindi 5 zilizonse. Mwini kaundula amasankha nthawi yomwe akufuna kubwererako, tinene mphindi imodzi ngozi isadachitike. Makinawo amatenga kope lomaliza n'kubwerezamo zosintha chimodzichimodzi mpaka nthawi imeneyo. Sakhudza kaundula wowonongekayo, amamanga wina watsopano pambali, kuti akatswiri ayambe amuyendera asadalozeko makasitomala. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha wina atazitsegula n'kumaziyesa.

Kuno kwathu tidalawako kuwawa kwa makina aboma akaima. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo mu February chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowerera makinawo n'kumafuna dipo. Chiyambi cha nkhani ziwirizi n'chosiyana, koma odikira pamzere funso lawo limakhala limodzi: zanga zibwerera liti?

Ku GitLab zinthu zidabwerera pa 1 February. Sid Sijbrandij, yemwe adali mkulu wa kampaniyo, adapepesa poyera, ndipo kampaniyo idalonjeza kuika munthu woyang'anira makopewo komanso kumayesa kuwabweza pafupipafupi. Mapologalamu enieni a makasitomala adapulumuka chifukwa amasungidwa kwina. Koma zolembedwa m'kaundula pa maola 6 aja zidapitiratu: ma projekiti pafupifupi 5,000, ndemanga 5,000 ndi maakaunti a anthu pafupifupi 700 omwe adali atangolembetsa kumene.