Ntchito ya Maejenti a Nyumba ku Kabwe

Ejenti wa nyumba ndi mkhalapakati amene amalumikiza mwininyumba ndi munthu wofuna kugula kapena kuchita lendi. Malipiro ake ndi komishoni yochokera pa mtengo umene awiriwo agwirizana. Ku Zambia ntchitoyi ili ndi lamulo lake, Estate Agents Act la mu 2000, lomwe linakhazikitsa bungwe la Zambia Institute of Estate Agents kuti lizilembetsa maejenti ndi kulanga ophwanya mwambo. Komabe ku Kabwe ambiri oonetsa anthu nyumba ndi osalembetsedwa. Ofesi yawo ndi foni, malonda amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp.

Gawo lina la msika ndi la ophunzira a pa Mulungushi University, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008, ofuna zipinda zogona. Apa kawirikawiri pamavuta ndalama yoonetsera nyumba, imene ena amalipiritsa munthu asanafike ndi pakhomo pomwe. Ejenti wachilungamo amanena ndalamayo poyambirira ndipo satengera munthu ku nyumba yoti inalowa kale wina. Ngati muli alendi, amawadziwitsa nthawi ikadalipo. Akafika amatsegula mpope kuti wofuna nyumbayo aone ngati madzi akutuluka, amaonetsa mita ya magetsi a ZESCO, ndipo ming'alu ya khoma saibisa kuseri kwa kabati.

Pogulitsa nyumba, nkhani imagona pa mapepala. Lamulo la malo la mu 1995 limaika malo onse m'manja mwa Pulezidenti, ndipo munthu amangopatsidwa lizi, nthawi zambiri ya zaka 99. Choncho ejenti ayenera kulimbikitsa wogula kukafufuza ku kaundula wa Unduna wa za Malo ngati dzina la pa taitolo ndi la wogulitsayo, komanso ngati nyumbayo siili pa chikole ku banki. Pambuyo pake pamafunika chilolezo cha boma, ndipo wogulitsa amalipira msonkho ku Zambia Revenue Authority. Ku Kabwe kufufuzaku n'kofunika zedi chifukwa nyumba zambiri zinali za mgodi, za njanji kapena za khonsolo, ndipo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira m'ma 1990. Eni ena anamwalira mapepala asanathe, ndiye mwana mmodzi akhoza kutsatsa nyumba ya masiye abale ake osadziwa. M'makomboni ngati Makululu, pepala limene ena ali nalo ndi chilolezo chokhalapo cha khonsolo, ndipo kalata ya mfumu pa malo a kunja kwa tauni si taitolo. Ejenti amene amangoti "mapepala alipo" osatchula mtundu wake amakhala akusocheretsa wogula.

Kabwe ilinso ndi vuto lakelake. Mgodi wa Broken Hill, umene miyala yake inapezeka mu 1902, unatsekedwa mu 1994 koma unasiya mtovu m'dothi la madera monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono, amene amaumeza ndi fumbi akamasewera pabwalo. Mlendo wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka sangauone ndi maso. Ejenti amamuimira wogulitsa, inde, koma kubisira banja la ana aang'ono nkhani imeneyi pofuna komishoni n'chinyengo. Woona mtima amatchula dera, amanena ngati bwalo linathiridwa simenti kapena kudzalidwa kapinga, ndipo amalangiza makolo kukayezetsa ana magazi kuchipatala akakhazikika m'maderawa.