Kusiya galimoto nthawi yaitali pafupi ndi bwalo la ndege

Kusiya galimoto nthawi yaitali pafupi ndi bwalo la ndege ndi mchitidwe umene munthu wa paulendo amaimika galimoto yake m'mbali mwa msewu wa kumalo okhala anthu, kapena pakhomo pa munthu wina, n'kupita kukakwera ndege. Galimotoyo imakhala pomwepo masiku, masabata ngakhale miyezi kufikira mwini wake atabwerako. Ambiri amatero pothawa ndalama zimene amalipiritsa pamalo oimikapo magalimoto a pabwalo la ndege. M'maiko ambiri lamulo silikaniza kuimika galimoto pamsewu wa aliyense, komabe mchitidwewu umabala mikangano chifukwa wopindula amakhala atachoka, pamene ovutika ndi galimotoyo ndi anthu otsala. Ku Malawi, makamaka m'madera a kumidzi a boma la Lilongwe, nkhaniyi imayendera mwambo wakale wa kusungitsa katundu.

Kuimika ndi kusungitsa

M'Chichewa mawu awiriwa amasiyana. Kuimika n'kwa kanthawi: mwini galimoto ali pafupi, ndipo ikatseka njira amaitanidwa n'kudzaisuntha. Kusungitsa n'kupereka chinthu m'manja mwa munthu wina amene wavomera kuchiyang'anira mwini wake kulibe. Pakusungitsa pamakhala anthu awiri odziwana, wosungitsa ndi wosunga, ndiponso pangano la tsiku lodzatenga.

Mwambowu unayamba kale magalimoto asanachuluke. Anthu a kumidzi amasungitsa mbuzi kapena ng'ombe m'khola la mbale wawo, ndiponso matumba a chimanga kwa mnansi. Masiku ano munthu wochokera m'midzi ya ku Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma amapalasa njinga mpaka pamsika, n'kuisungitsa pagolosale, pachigayo kapena kwa wokonza njinga, kenako n'kukwera minibasi yopita m'tauni. Opita ku Joni pabasi amasiya njinga zamoto kwa makolo kapena kwa alamu awo kwa miyezi yambiri. Galimoto ya munthu wokwera ndege imagwera m'gulu lomweli. Vuto limabuka pamene munthu wachita zofunika kusungitsa ngati kuti n'kuimika chabe, ndiko kuti wasiya galimoto kwa masabata popanda aliyense amene anavomera kuisunga.

Bwalo la ndege la Kamuzu ndi madera oyandikana nalo

Bwalo la ndege la Kamuzu International Airport lili pafupi ndi Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Linatsegulidwa mu 1983, patapita zaka zingapo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975. Lisanamangidwe, ndege zinkatera pabwalo lakale la kumadzulo kwa mzindawu, chakumsewu wa ku Mchinji, kumene anthu masiku ano amati ku Airwing. Nyumba zofikira apaulendo pabwalo la Kamuzu zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ntchitoyo inatha mu 2019. Ndege za Malawi Airlines, Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zimanyamuka pamenepa kupita ku mizinda monga Johannesburg, Addis Ababa ndi Nairobi.

Munthu wochokera ku Namitete kapena ku Mpingu amatsata msewu wa M12 kulowa mumzinda, n'kukhotera kumpoto mumsewu wa M1 kudutsa ku Kanengo mpaka pamphambano yolowera kubwaloli. Wochokera ku Nsaru ndi ku Kabudula amatulukira msewu wa Kasiya ndi Santhe, umene umafika mumzinda chakubwalo lakale lija. Ulendowu ndi wautali, ndipo ndege ikakhala ya m'mawa ena amagona kwa abale m'tauni kapena ku Lumbadzi.

Bwalo la Kamuzu silinapanikizane ndi nyumba za anthu monga mabwalo ena a ku Ulaya, ndipo apaulendo ambiri amaperekezedwa ndi abale amene amabwerera nayo galimoto kunyumba. Choncho galimoto yotsala kawirikawiri siikhala pamsewu weniweni. Imakhala kumpanda kwa mbale, pakhomo pa mnzake wa kuntchito, pamalo ogona alendo, patchalitchi kapena pamalo omwetsera mafuta pamene pali alonda. Pamalo onsewa pali mwini, ndipo n'chifukwa chake kupempha kuli patsogolo pa zonse.

Mavuto amene otsala amakumana nawo

Vuto loyamba ndi njira. Misewu ya m'midzi ndi ya m'malokeshoni ambiri ndi yopapatiza, ndipo imadutsa ngolo, njinga za kabaza zonyamula katundu wotambalala, ndi malole odzatenga fodya, soya kapena mtedza nthawi yokolola. Galimoto imene sinali kuvuta tsiku loisiya ikhoza kutsekereza ambulansi sabata yotsatira. Pakhomo pakagwa maliro pamafunika malo a anthu ambiri ndi njira ya galimoto yonyamula bokosi, ndipo galimoto yokhoma imene kiyi wake ali kunja kwa dziko imakhala chipsinjo pa anamfedwa.

Vuto lachiwiri ndi chikaiko. Galimoto yachilendo ikagona pamalo masiku angapo, anthu amayamba kuganiza kuti ndi yobedwa kapena ya akuba amene akuzonda mudzi. Mantha otere akhoza kufika poipa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu ankaimitsa magalimoto achilendo ndipo ena anaphedwa pongoganiziridwa.

Vuto lachitatu ndi mlandu. Wina akaswa galasi, akaba batire kapena akapopa mafuta, maso onse amaloza banja limene galimotoyo yaima pakhomo pake, ngakhale kuti silinapemphedwe kuiyang'anira. Ana osewera mpira pafupi nayo nawonso amasanduka oganiziridwa.

Galimoto nayonso imawonongeka ikakhalitsa. Batire imatha mphamvu pakapita masabata angapo osailiza, matayala amaphwa, ndipo makoswe amalowa mu injini n'kutafuna mawaya. M'dzinja, kuyambira mwezi wa November mpaka April, galimoto yosiyidwa pamalo otsika imatitimira m'matope kapena kutseka ngalande, madzi n'kulowa m'nyumba za eni. M'chilimwe udzu wouma pansi pake ukhoza kugwira moto wa m'tchire.

Zoyenera kuchita mwini galimoto

Mwambo umafuna kuti mwini galimoto apemphe malo ulendo usanafike, ndipo apemphe kwa mwini khomo weniweni. Kuuza mwana kapena wantchito wa pakhomopo sikutengedwa ngati kupempha. Wofika amaodira, kulonjerana ndi eni khomo, kenako n'kunena chimene wadzera. Ngakhale akhale wachuma kapena wa udindo, amalankhula mwaulemu monga wopempha, ndipo amawatchula eni khomo kuti bambo, mayi kapena ndi mfunda wawo. Pa nyumba ya lendi pamafunikanso chilolezo cha eni nyumba ndi kudziwitsa mabanja ena okhala mumpandamo. Kumudzi, wosunga amakadziwitsa a nyakwawa ndi achitetezo a m'mudzi kuti galimoto imene yaima pakhomo pake ndi ya uje ndipo ikhala masiku akuti.

Malo oimikapo amasankha ndi eni khomo. Galimoto siiyenera kutseka geti, njira ya kumjigo, khomo la khola kapena pamene banja limayanikira ufa ndi mtedza. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pabwino chifukwa cha mthunzi, koma nthawi ya mango zipatso ndi miyala ya ana ogenda zimagwera pagalasi.

Wosungitsa amanena tsiku lobwera ndipo amasiya nambala imene angapezeke nayo ali kunja, monga ya WhatsApp, pamodzi ndi ya mbale wa pafupi amene angathe kupanga chiganizo m'malo mwake. Kiyi amasiyidwa kwa wosunga kapena kwa mbaleyo kuti galimoto ithe kusunthidwa pakagwa zadzidzidzi. Asanachoke, awiriwo amayendera limodzi galimotoyo n'kuona pamene panaphwanyika kale, kuchuluka kwa mafuta ndi katundu amene ali mkati. Ena amajambula zithunzi pafoni. Katundu wa mtengo wapatali amachotsedwa, ndipo alamu yolira pachabe imazimitsidwa kuti isasowetse anthu tulo.

Ulendo ukatalika, mwini galimoto amayenera kuimba foni yekha tsiku lolonjezedwa lisanakwane. Mwambi umati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, ndipo galimoto imene yapitirira pangano mwini wake ali chete imatopetsa eni khomo monga mlendo wokanirira.

Kuthokoza kumadalira ubale. Kwa mlonda kapena pamalo a bizinesi, mtengo umagwirizanidwa poyamba, ndipo ndalama zikhoza kutumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba. Kwa mbale, kutchula mtengo kumaoneka ngati kunyoza chibale, motero wobwera ku ulendo amafika ndi kamphatso monga chitenje, shuga kapena sopo. Kungotenga galimoto usiku n'kunyamuka osalowa m'nyumba kudzathokoza kumatengedwa ngati mwano waukulu.

Udindo wa wosunga

Wovomera kusunga ali ndi udindo wake. Sayenera kuyendetsa galimotoyo pa maulendo ake, kubwereketsa ena kapena kuphunzitsirapo ana kuyendetsa, pokhapokha ngati anagwirizana choncho. Ngozi ikachitika woyendetsa alibe laisensi, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira, ndipo chibale chimasokonekera pamodzi ndi galimotoyo. Ngati anapemphedwa kumailiza kuti batire isathe, amatero pa nthawi zimene anapangana. Chilichonse chikawonongeka amanena tsiku lomwelo, osadikira kuti mwini adzadzionere yekha. Munthu alinso ndi ufulu wokana kusunga ngati mpanda wake ndi wosalimba kapena iye mwini ali ndi ulendo, ndipo kukana kotero ndi kwabwino kuposa kuvomera chimene sangakwanitse.

Zimene malamulo amanena

Ku Malawi za pamsewu zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997, limene limaletsa kusiya galimoto pamalo amene ingatchinge njira kapena kudzetsa ngozi. Apolisi a pamsewu akhoza kuchotsa galimoto yotero. Inshuwalansi ndi chiphaso cha COF zikhozanso kutha mwini ali kunja, ndipo galimotoyo siiloledwa kuyenda pamsewu kufikira zitakonzedwa. Lamulo silinena kanthu za kuodira, kusiya kiyi kapena kuthokoza. Zimenezi zimatsalira mwambo. Mikangano ya kumudzi pa katundu wosungitsa imayambira kwa abale a mbali ziwirizo, ndipo ikakanika imapita kubwalo la mfumu kapena kupolisi.

Mmene zilili m'maiko ena

Ku Britain vutoli ndi lodziwika kwambiri moti lili ndi dzina lake, fly-parking. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi bwalo la ndege la Stansted, monga Takeley, akhala akudandaula kuti apaulendo amadzaza misewu yawo ndi magalimoto n'kukwera basi kapena taxi kupita kubwalo. Madandaulo otere amamvekanso pafupi ndi mabwalo a Luton, Gatwick ndi Manchester. Galimoto yokhala ndi msonkho ndi inshuwalansi imaloledwa kuima pamsewu wopanda zikwangwani zoletsa, ngakhale kuti malangizo a pamsewu a dzikolo amati munthu asaimike pakhomo lolowera kunyumba ya wina. Makhonsolo ena amapereka ziphaso zoimikira kwa eni dera okha. Ena amaletsa kuimika kwa ola limodzi lokha masana tsiku lililonse, zimene sizivuta okhala pomwepo koma zimalepheretsa munthu wochoka kwa sabata.

Ku United States mizinda ina imaika malire a nthawi. Ku Los Angeles, ku San Francisco ndi ku Seattle galimoto siiyenera kukhala pamalo amodzi pamsewu kupitirira maola 72, pamene ku New York malire ndi masiku 7. Ku South Africa, galimoto imene yakhala pamalo amodzi pamsewu wa m'tauni kupitirira masiku 7 ikhoza kutengedwa ngati yotayidwa n'kukokedwa ndi akuluakulu a pamsewu.

Ku Britain kwabukanso makampani a pa intaneti monga JustPark, amene amalumikiza wapaulendo ndi munthu wokhala pafupi ndi bwalo la ndege amene ali ndi malo pakhomo pake. Wapaulendo amalipira, amanena tsiku lobwera, ndipo mwini khomo amadziwa mwini galimoto. Dongosololi likufanana ndi kusungitsa kwa ku Namitete kapena ku Nambuma, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko pangano limalembedwa pafoni ndipo awiriwo kawirikawiri sadziwana.