Matenda a paini amene amabisala m'mbande za ku nazale

Alimi ambiri a m'madera okwera a Angónia ndi Tsangano, komanso a ku Lichinga m'chigawo cha Niassa, amadzala paini, mtengo umene ena amautchula kuti pinheiro. Ndi chuma chodikira zaka zambiri, koma matabwa akachekedwa banja limapeza ndalama ya malata kapena ya sukulu. N'chifukwa chake zimapweteka munthu akagula mbande zobiriwira bwino, n'kudzala mvula ili mkati, kenaka patangopita miyezi yochepa zina n'kuyamba kufiira ndi kuuma. Ambiri amaloza chala chiswe kapena dzuwa, ndipo nthawi zina amalondola. Koma akatswiri ofufuza matenda a mitengo anapeza kuti mbande ikhoza kuchoka ku nazale itadwala kale, ngakhale ikuoneka yathanzi.

Paini wodzalidwa kwambiri m'mapiri a kumwera kwa Africa ndi wa mtundu wa Pinus patula, ndipo kwawo ndi ku Mexico. Amakula msanga m'malo ozizira, koma sapirira kachilombo kotchedwa Fusarium circinatum. Aka n'kachilombo ka m'gulu la chuku, wachibale wa tija timaoletsa chimanga pachitsononkho. Matenda ake analembedwa koyamba mu 1946 ku North Carolina, m'dziko la America. Mu 1990 anapezeka mu nazale ina ya paini ku South Africa, m'dera limene lero ndi chigawo cha Mpumalanga, chomwe chinachita malire ndi dziko lathu la Mozambique. Patapita zaka anali atafalikira m'manazale ambiri a m'dzikolo.

Kafukufuku wambiri wa matendawa wachitika ku yunivesite ya Pretoria, makamaka ku nthambi yotchedwa FABI imene inatsegulidwa mu 1998. Zimene ofufuza anapeza zikukhudza aliyense wofesa paini, kaya ndi kampani yaikulu kaya ndi gulu la alimi la m'mudzi.

Kachilomboka kamatha kukhala pambewu ya paini, ngakhale m'kati mwake. Kamayendanso ndi madzi othirira, dothi, zida zogwirira ntchito ndi zofeseramo zimene zagwiritsidwanso ntchito osatsukidwa. Kakalowa m'mbande kamaononga mizu ndi pakhosi, pamene tsinde limakumana ndi mizu. Nsonga ya mbande imayamba kuzolika, masamba amasanduka achikasu kenaka ofiira, ndipo mukaizula n'kukanda khungwa pakhosipo mumapeza thupi lake lada ndipo lanyowa ndi utomoni. M'mitengo ikuluikulu matendawa amapanga zilonda zochucha utomoni pathunthu ndi panthambi.

Chovuta kwambiri n'chakuti si mbande yonse yogwidwa imene imaonetsa zizindikirozi. Ina imakhala yobiriwira mpaka tsiku logulitsa. Ikazulidwa pamalo pake, n'kuyenda mtunda wautali panjinga padzuwa, n'kudzalidwa m'dothi louma, mphamvu zake zimachepa ndipo apa ndi pamene kachilombo kamaigonjetsa. Wogulitsa akamanena kuti anapereka mbande zabwino sakunama, ndipo wogula akamati anasamala bwino nayenso sakunama. Mikangano yotere n'kutheka kuti yadanitsa anthu pachabe.

Palibe mankhwala ochiza mtengo umene wagwidwa kale. Choncho ku South Africa nkhondo yaikulu inalunjika ku ukhondo wa mu nazale: kuzula ndi kutentha mbande zodwala zikangooneka, kutsuka zofeseramo ndi madzi otentha kwambiri kapena nthunzi, kuthirira ndi madzi oyera, ndiponso kupewa kuthirira mopitirira muyezo. Zambiri mwa izi mlimi wamba angathe kuchita. Machubu akale amene munafera mbande ndi bwino kuwataya, ndipo dothi lawo lisabwererenso pa mulu wa dothi latsopano.

Njira ina imene ofufuza anatsata ndi yosankha mitundu yopirira. Anapeza kuti mitundu ya ku Central America monga Pinus tecunumanii ndi Pinus maximinoi imalimbana ndi matendawa kuposa Pinus patula, ndipo makampani a ku South Africa anayamba kudzala paini wa haibulidi wochokera ku patula ndi tecunumanii. Komabe apa mpofunika kusamala. Mitundu yopirira matendayi sipirira chisanu ngati patula, kotero mlimi wa kumalo ozizira kwambiri, monga mapiri a Tsangano, asathamangire kusintha mtundu asanafunse alangizi.

Palinso kachilombo kena ka chuku, Diplodia sapinea, kamene khalidwe lake n'lobisalanso chimodzimodzi. Ofufuza anakapeza m'mitengo yooneka yathanzi, kali phee. Matalala akagwa n'kuvulaza khungwa, kapena chilala chikafoola mtengo, kamadzuka n'kuyamba kuumitsa nthambi kuyambira kunsonga. Kamadetsanso thabwa m'kati, kulisiya ndi mawanga otuwira ngati buluu, ndipo ogula matabwa amatsitsa mtengo akaona zimenezi. Ndiye ngati matalala agwa pa munda wanu wa paini, muziuyendera m'masabata otsatira. Mitengo yokhwima imene yavulala kwambiri ndi bwino kuicheka msanga thabwa lisanade.

Kuno kumalire mbewu ndi mbande zimadutsa tsidya lino ndi tsidya lija ngati mmene zimadutsira mbatata ndi tomato, pakati pa Angónia ndi Dedza kapena Tsangano ndi Ntcheu. Matenda a mitengo amayenda m'njira zomwezo, n'chifukwa chake malamulo amafuna kuti zomera zolowa m'dziko ziziyamba zayezedwa. Musanagule, kaoneni nazaleyo ndi maso anu. Ngati pakati pa mbande zobiriwira pali zina zofiira apa ndi apo, musanyengeke ndi kusankha zooneka bwinozo, chifukwa zonse zamwa madzi amodzi. Funsaninso kumene mbewu inachokera.

Ngati mbande zanu zayamba kale kufa m'munda, zulani zingapo zimene zangoyamba kufota, pamodzi ndi mizu yake, muziike m'pepala louma, ndipo mupite nazo kwa alangizi a zaulimi ndi zankhalango ku ofesi ya SDAE ya m'boma lanu. Musatenge zouma kale gwaa, chifukwa m'zoterezi mumakhala mutalowa tizilombo tina tambiri ndipo woyeza savutika pang'ono kuti apeze chimene chinayambitsa.