Musanagule injini ya boti, yambani mwayeza botilo

Alimi ambiri a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa sadalira khasu lokha. Akakolola mpunga amatsikira kunyanja kukapha matemba, makumba ndi milamba, ndipo ena amakasaka abakha ndi atsekwe m'madambo. N'chifukwa chake lero ndati tikambirane za injini ya boti, pakuti ndalama zogulira injiniyo nthawi zambiri zimachokera m'munda.

M'mwezi wa June chaka chatha amalume anga, amene amalima mpunga kufupi ndi doko la Kachulu m'boma la Zomba, anandiitanitsa. Ndalama za mpunga wa zaka ziwiri anali atasunga, ndipo anali atapereka kale chikole kwa msodzi wina wa ku Mangochi amene amagulitsa injini yogwirapo kale ntchito ya mahosipawa 40. Boti lawo ndi lamatabwa, lotalika mamita 6, lomwe amaphera nsomba, kusakira mbalame ndi kututira mpunga.

"Mphwanga, iwe unapita kusukulu. Tandionera injiniyi. Ndikaimanga pa boti langali palibe wondipitirira pa Chilwa pano," anatero amalume.

Ine ndinaphunzira za nthaka ndi mbewu, koma kusukulu ya zaulimi amatiphunzitsanso za makina. Lamulo lake ndi lomwelija la ng'ombe ndi ngolo: mphamvu iyenera kulingana ndi katundu. Choncho ndinawapempha kuti asanamalize kulipira tiyambe tayeza zinthu zitatu: kulemera kwa boti, kutalika kwa thabwa lakumbuyo ndi kuya kwa madzi amene amayendamo.

Kulemera kwa boti

Tinakhala pansi ndi mmisiri amene anakhoma botilo. Iye anati likanyowa limalemera pafupifupi makilogalamu 450. Tinaonjezapo anthu atatu, makilogalamu 200. Maukonde onyowa, 150. Nsomba za tsiku labwino, 250. Injini ndi petulo, 60. Zonse pamodzi zinapitirira pang'ono tani imodzi.

Akatswiri a zamaboti amawerengera mahosipawa 7 mpaka 9 pa tani iliyonse, ngati injini ili yomangirira kumbuyo ndipo boti lili lolemera ngati athuwa. Apa ndiye kuti pa usodzi amalume amangofunika mahosipawa 8 kapena 10. Tsiku lotuta mpunga, matumba khumi a makilogalamu 50 amaonjezera theka la tani, ndipo injini ya mahosipawa 15 imakwanira bwino lomwe.

Amalume anapukusa mutu. Iwo amafuna liwiro. Koma boti lamatabwa lolemera silitsetsereka pamwamba pa madzi monga amachitira maboti opepuka a alendo a ku Cape Maclear. Limachita kung'amba madzi, ndipo liwiro lake limatengera kutalika kwake. Boti la mamita 6 limafika pa makilomita pafupifupi 11 pa ola. Mukaonjezera moto kupyola apo, limangokumba dzenje kumbuyo, mphuno n'kuloza kumwamba, mafunde n'kukula, koma liwiro lenileni limangoonjezereka pang'ono.

Chimene chimathamanga ndi petulo. Injini yosakaniza petulo ndi oilo ya mahosipawa 40 mukaitsegula yonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola. Ya mahosipawa 15 imamwa malita 7 kapena 8, ndipo mukachepetsa moto pang'ono imamwa ochepera apo. Aliyense amene anagulitsapo matemba adziwerengere yekha kuti malita 12 otsalawo ndi zidebe zingati za nsomba.

Kulemera kwa injini nakonso n'kofunika. Ya mahosipawa 15 imalemera makilogalamu osafika 40, pamene ya 40 imapitirira makilogalamu 70. Katundu yenseyo amakhala pa thabwa limodzi lakumbuyo, ndipo ndi pomwenso injini imakankhira.

Thabwa lakumbuyo

Chachiwiri tinatenga tepi n'kuyeza thabwa lakumbuyo, kuchokera pamwamba pomwe amamangirira injini kufika pansi penipeni pa boti. Tinapeza masentimita 40.

Injini zing'onozing'ono zimabwera ndi miyendo ya mitundu iwiri. Mwendo waufupi ndi wa mainchesi 15, amene ndi masentimita 38. Wautali ndi wa mainchesi 20, amene ndi masentimita 51. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kathyathyathya. Injini ikakhala bwino, kachitsuloko kamalingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo masentimita awiri okha.

Mwendo ukafupika, pulopela imakoka mpweya, injini imangolira osakankha, ndipo imatha kutentha chifukwa chosowa madzi oiziziritsa. Mwendo ukatalika, umakoka boti, umaononga petulo ndi kugunda pansi. Injini ya ku Mangochi ija inali ya mwendo wautali, pakuti inachokera pa boti lalikulu la chilimira loyenda m'mafunde a mwera pa nyanja ya Malawi. Pa boti la amalume inali yotalika ndi masentimita oposa khumi.

Madzi a Chilwa

Nyanja ya Chilwa si nyanja ya Malawi. Ndi yosaya, malo ambiri sapitirira mamita awiri kapena atatu, pansi pake ndi matope okhaokha, ndipo yazunguliridwa ndi madambo a njedza ndi bango. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathiramo madzi koma palibe mtsinje wotulutsa. Akuluakulu akukumbukira kuti inaphwa m'chaka cha 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 maboti anatsala pouma pa Kachulu. Pofika October madzi amakhala atachepa.

M'madzi otere injini yaikulu ndi mtolo. Pulopela ikamatakasa matope, mchenga umalowa m'kapampu ka madzi n'kudya labala yake. Udzu ndi ulusi wa maukonde zimakulungana kumbuyo kwa pulopela, ndipo ulusi ukadula labala yotchinga, madzi amalowa mu oilo wa magiya. Pamafunika injini imene munthu mmodzi angaipendeketse msanga ndi dzanja limodzi, kuchotsa udzu, n'kuibwezera.

Kwa mlenje ndiye n'chimodzimodzi. Tsekwe sadikira boti laphokoso. Injini ntchito yake n'kukufikitsani m'mphepete mwa dambo basi. Kuchokera apo mumaizimitsa, kuidzutsa, n'kumakankha ndi nsungwi mwakachetechete. Boti lolemera kumbuyo limakwakwaza pansi ndipo silikankhika. Madzulo injini ya makilogalamu 40 mwamuna mmodzi amaisenza kupita nayo kunyumba, pamene ya makilogalamu 70 imafuna anthu awiri, mwinanso kuisiya padoko pamene akuba saliona tulo.

Tinaiyesa pamadzi

Mawu okha sanawakhutitse amalume, ndiye tinapempha mwini injini kuti tiiyese. Tisanalize n'komwe, kumbuyo kwa boti kunali kutamira kale moti madzi anatsala chikhatho chimodzi kuti afike pamwamba pa thabwa. Titafika poyera mnyamata wao anatsegula moto. Mphuno inadzuka mpaka woongolera samaonanso kutsogolo. Atachepetsa moto mwadzidzidzi, funde lathu lomwe linatipeza n'kukhuthukira m'boti.

Tinabwerera tikukapa madzi. Titakokera boti kumtunda, mmisiri uja anationetsa misomali iwiri ya thabwa lakumbuyo itayamba kusolola. Ulendowu unali wa mphindi makumi awiri, kopanda mphepo, m'boti mopanda nsomba. Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, chikhala muli mpunga tikanasiya nkhani."

Mwini injini anabweza theka lokha la chikole, ndipo amalume anadandaula sabata yathunthu. Patapita mwezi anagula injini ya mahosipawa 15 ya mwendo waufupi. Ndalama zotsala anakhomera thabwa lina lolimbitsa kumbuyo, anagula majekete atatu oyandamitsa munthu, ndipo zina zinapita ku feteleza wa mpunga. Amayenda ndi moto wosatsegula wonse, ndipo ku chilumba cha Chisi amafika pamodzi ndi anzawo.

Izi sizikutanthauza kuti injini yaing'ono ndiyo yabwino nthawi zonse. Amene ali ndi boti la mamita 9 kapena 10 ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay, lonyamula anthu khumi ndi ukonde wa chilimira, akamanga injini ya mahosipawa 8 mwera udzamupeza ali pakati. Ameneyo ya 25 kapena 40 ndiyo yake. Chachikulu n'chakuti injini ilingane ndi boti, katundu ndi madzi.

Pogula ndi posamala

Masiku ano pali injini za mitundu iwiri. Zosakaniza petulo ndi oilo, monga Yamaha Enduro imene asodzi ambiri amaidziwa, ndi zopepuka ndipo amakaniko a m'madoko amazidziwa bwino. Zina ndi zokhala ndi oilo wake payekha ngati galimoto. Izi zimamwa petulo wochepa ndipo sizisokosera, koma zimalemera ndipo zimafuna makaniko wozizolowera. Musanasankhe, funsani kaye ngati mapulagi, labala ya pampu ndi pulopela zake zikupezeka pafupi ndi kwanu.

Ngati injini ili yogwirapo kale ntchito, ilizeni ili yozizira, osati imene mwini wake wayamba waitenthetsa. Onani ngati kamadzi kotuluka kumbuyo kakuthamanga bwino. Masulani kabawuti ka oilo wa magiya. Akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Iyeseni pa boti lanu lomwe, muli katundu. Nambala ya injini ilembedwe pa kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, monga a komiti ya padoko, kuopa kugula yakuba.

Posakaniza tsatirani zimene analemba opanga injiniyo. Zambiri zimafuna gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiye kuti mamililita 400 pa malita 20. Oilo akhale wa injini za pamadzi, osati wa galimoto. Musailize injini pouma ngakhale kamphindi, chifukwa labala ya pampu imapsa msanga. Mangani injini ku boti ndi chingwe chapadera, ndipo kachingwe kozimitsira injini kakhale pa mkono wa woongolera. Nkhafi ndi nsungwi zisatsale kunyumba.

Komanso tisaiwale kuti injini imatifikitsa msanga kumene nsomba ndi mbalame zimaswanirana. Nyanja ya Chilwa ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar chifukwa cha mbalame zake. Tilemekeze nthawi yotseka nyanja, ndipo tikhale ndi ziphaso zochokera ku nthambi yoona za nsomba ndi yoona za nyama zakutchire.

Alimi anzanga, ndalama za mpunga zimabwera kamodzi pachaka. Amene mukuganiza zogula injini nyengo ino, yambani mwapita ndi tepi kwa mmisiri amene anakhoma boti lanu, mulembe kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa thabwa lakumbuyo papepala, ndipo pepalalo mupite nalo kwa wogulitsa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.