Tizomera ta m'nyanja ya Ártico

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli nyanja yaikulu ya madzi a mcere. Dzina lake ndi Ártico. Kumeneko kumazizira koopsa. M'nyengo yozizira madzi a pamwamba amaundana, amalimba ngati mwala. Dzuwa silituluka kwa masiku ambiri.

M'madzi a nyanjayi muli tizomera ting'onoting'ono. Kamodzi pakokha sikaoneka ndi maso. Tizomerati tilibe mizu, tilibe masamba, timangoyandama. Ndi abale ake a ndere ya pa citsime. Akatswiri amaticha fitoplankitoni.

Tizomera timafuna dzuwa. Kuzizira kukacepa, dzuwa limabwerera. Madzi oundana aja amasungunuka ndipo kuwala kumalowa m'nyanja. Pamenepo tizomera timaculukana msangamsanga, monga udzu umacitira mvula yoyamba ikagwa. Madzi amasanduka obiriwira.

Ino ndi nyengo ya phwando. Tizilombo tating'ono ta m'madzi timadya tizomerato. Tiana ta nsomba timadya tizilomboto. Nsomba zikakula zimadyedwa ndi mbalame, anamgumi ndi anthu. Koma phwandoli silikhalitsa. Pakapita milungu yocepa, tizomera timacepanso.

Kumwamba kuli makina ozungulira dziko, ochedwa satelite. Makinawa amajambula mtundu wa madzi a m'nyanja. Akatswiri anayang'ana zithunzi za zaka za 1997 mpaka 2009. Anapeza kuti m'malo ena, monga ku Hudson Bay ku Canada ndi kufupi ndi Greenland, phwando lija linayamba kufulumira. Kwina linafulumira ndi masiku okwana 50. Umenewo ndi mwezi wathunthu ndi milungu ina pafupifupi itatu!

Cifukwa cake n'ciani? Dziko likutentha. Utsi wa malasha ndi mafuta a galimoto umasunga kutentha mumlengalenga. Conco madzi oundana amasungunuka nthawi yake isanakwane, ndipo tizomera timapeza kuwala msanga.

Vuto lili apa. Nsomba ndi tizilombo tija zili ndi nthawi yake yoswa mazira, ndipo si zonse zimene zingafulumire. Kamwana ka nsomba kakabadwa phwando litatha, kali ngati mwana wofika pa mkeka nsima itatha kale. Kakasowa cakudya masiku oyamba, kamafa. Tiana tikafa tambiri, zaka zotsatira nsomba zazikulu zimacepa. Ku Greenland mabanja ambiri amadya ndi kupeza ndalama cifukwa ca usodzi.