Mtengo wa Pulambala Ucokera Kuti?

Mpope ukaphulika m'nyumba, ambiri a ife timathamangira kufunsa kuti, "Ndi zingati?" pulambala asanaone n'komwe pamene pakudontha. Apa m'pamene mikangano imayambira.

Mmisiri wodzigwirira yekha nchito alibe malipiro a pamwezi. Mtengo wace uli ndi miyendo inai ngati mpando: zipangizo, thukuta lace, ulendo, ndi kutha kwa zitsulo zace. Kusintha kamphira ka pampope ndi nchito ya kanthawi. Koma paipi yobisika m'cipupa ifuna kugumula, kulumikiza ndi kumatanso. N'cifukwa cace mmisiri woona amayamba waona, nakafunsa mitengo m'masitolo, monga a ku Kamwala mu Lusaka, asanachule ndalama.

Tsono tiyeni timpemphe alembe papepala: za zipangizo padera, za manja padera, ndiponso tsiku limene mtengowo udzatha mphamvu, pakuti za m'sitolo sizicedwa kukwera. Tipereke za zipangizo poyamba, zotsala titatsegula madzi ndi kuona kuti sakudonthanso. Wochipitsa kopambana ticenjere naye: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma amene wagwira bwino tisamcedwetsere zace, pakuti nayenso ana ali kumdikira kunyumba.