Sovereignty ndi ufumu wa ku Edingeni

Anthu a ku Mzimba akamakambirana za mafumu awo m'Chingerezi, ndimamva ena akuponyamo mawu akuti sovereignty ngati kuti akungonena ufumu. Ine ndimakana. Mawuwa amanena za ulamuliro womwe pamwamba pake palibenso wina wokadandaulirako, monga anafotokozera Jean Bodin wa ku France mu 1576. Angoni a M'mbelwa anali nawodi ulamuliro wotere mpaka 1904, pomwe anagwirizana ndi Alfred Sharpe, woyimira Angerezi, kulowa pansi pa Angerezi popanda nkhondo. Lero Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V a ku Edingeni amalemekezedwa kwambiri, n'zoyeneradi, koma chigamulo chawo khoti likhoza kuchitembenuza. Malamulo aakulu a 1994 amati mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi.